Nthambo Imodzi, Ogulitsa Ambiri: Funso la Ufulu Wosankha ku Rumphi

DSL ndi njira yodutsitsira intaneti m'mawaya a kopa, omwe aja amene kale ankangonyamula mawu a lamya ya m'nyumba. Nthambo imodzi yomweyo imagwira ntchito ziwiri nthawi imodzi: mawu a anthu olankhulana amayenda pa mafunde otsika, intaneti n'kumayenda pa mafunde okwera amene khutu la munthu silimva. N'chifukwa chake bambo amatha kuyankha lamya mwana ali pa kompyuta, osasokonezana. Mtundu umene unafala kwambiri m'makomo ndi ADSL, umene umakoka zinthu pa intaneti mwachangu kuposa mmene umatumizira. Luso limeneli lili ndi chilema chobadwa nacho: mphamvu imafooka nthambo ikamatalika, moti nyumba imene ili pa mtunda wa makilomita opitirira asanu kuchokera ku ekisichenji, kumene mawaya a dera lonse amakumana, imalandira zochepa kwambiri, mwinanso osalandira n'komwe.

Mpikisano wa makampani pa DSL ndi wa mtundu wachilendo. Kampani yatsopano siikumba ngalande zake kapena kuimika mapolo ake pamene inzake inadutsitsa kale nthambo, chifukwa ndalama zolowa pamenepo sizingabwerere. Choncho nthambo yolowa m'nyumba imakhala imodzi, mwini wakenso mmodzi. Mayiko ena anathana ndi vutoli pogwiritsa ntchito lamulo. Ku United States, lamulo la 1996 linakakamiza makampani akale a lamya kubwereketsa nthambo zawo kwa opikisana nawo. Ku Britain, mu 2006 anakhazikitsa Openreach, nthambi ya kampani ya BT yosamalira nthambo zimene makampani ena amadutsamo. Wogula amaona mayina ambiri, mitengo yosiyana ndi zikwangwani zokopa, koma chimene chaboola khoma la nyumba yake ndi kopa yemwe uja. Apa ndi pamene pagona funso limene anthu oganiza mozama akhala akulimbana nalo kwa zaka mazanamazana: kodi munthu amakhala mfulu chifukwa chakuti pamaso pake pali zambiri zosankhapo, kapena ufulu umafuna chinanso?

Ku Malawi, nthambo za lamya zinali m'manja mwa boma kudzera m'bungwe la Malawi Posts and Telecommunications Corporation. Mu 2000 bungweli linagawidwa pawiri: makalata anapita ku Malawi Posts Corporation, lamya n'kupita ku MTL, imene pambuyo pake inagulitsidwa kwa gulu la makampani lotsogoleredwa ndi Press Corporation. MTL ndiyo inali mwini kopa, ndipo ADSL yake inkapezeka makamaka m'mizinda. Kampani yachiwiri ya lamya za m'nyumba, Access Communications, itabwera inadalira mafunde a m'mlengalenga. Motero mpikisano wa DSL wonga wa ku Britain sunamere mizu kuno. Lamya za m'nyumba zinali zochepa kuyambira pachiyambi, akuba ankadula nthambo kukagulitsa kopa, ndipo foni ya m'manja inafika kumudzi nthambo zisanaganiziridwe n'komwe. TNM inakhazikitsidwa mu 1995, Celtel inatsatira mu 1999, n'kusanduka Zain mu 2008, kenako Airtel mu 2010.

Boma la Rumphi limaonetsa bwino chifukwa chimene kopa analepherera. Kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 229,000 m'bomali, omwazikana m'dera limene mbali yaikulu ndi mapiri komanso nkhalango zotetezedwa za Nyika ndi Vwaza. Mapiri a Nyika amakwera mamita oposa 2,600, kenako mtunda umagwera kunyanja motsetsereka kwambiri. Anthu amakhala m'chigwa cha Henga, ku Nkhamanga kuzungulira Bolero, ku Hewe kufupi ndi malire a Zambia, m'mapiri a Phoka kumene amalima khofi, ndi m'midzi ya m'mbali mwa nyanja kupitirira Mlowe, monga Tchalo, imene kwa zaka zambiri yakhala ikufikika pa boti kapena wapansi basi. Luso lothera pa makilomita asanu likanatumikira maofesi a pa Boma ndi nyumba zoyandikana nawo. Ena onse akanakhala kunja kwa mpanda ngakhale makampani ogulitsa akanakhala khumi.

Chochititsa chidwi n'chakuti mawaya si achilendo m'dera limeneli. Robert Laws atasamutsira mishoni ya Livingstonia ku Khondowe mu 1894, sukulu yake inkaphunzitsa anyamata ntchito ya telegalafu, nthawi imene nthambo ya kampani ya Cecil Rhodes, yomwe ankafuna kuti ilumikize Cape Town ndi Cairo, inkayalidwa m'mbali mwa nyanja kulowera ku Karonga. Mu 1905 Livingstonia inayatsa magetsi opangidwa ndi mphamvu ya madzi. Koma nthambo ya telegalafu ija inkangodutsa. Eni minda imene mapolo ake anaimamo sanali anthu amene inawaganizira.

Lero intaneti ya pakhomo ku Rumphi ndi ya m'mlengalenga: foni ya m'manja yogawira ena netiweki, kapena karauta kolowetsa simu khadi. Mphunzitsi wa pulayimale kudera lakumudzi amakhala ndi foni ya malayini awiri, ina ya 088 ya TNM, ina ya 099 ya Airtel. Amadziwa zenera limene netiweki imagwira m'nyumba mwake, ndipo foniyo imakhala pamenepo, itatsamira kabotolo, mpaka uthenga utadutsa. Zikakanika amatuluka kukaima pachulu chakuseri kwa sukulu, pamene udzu unafa kale ndi mapazi a anzake. Akafunsidwa kuti pa makampani awiriwa amakonda iti, yankho lake limakhala lachidule: imene ikugwira. Pa malamulo ndi pa zotsatsa malonda, munthu ameneyu ali ndi ufulu wosankha. Pa zenera lake, phiri ndilo linamusankhira.

Mawu akuti kusankha ali ndi kulemera kwapadera m'bomali. Chakufwa Chihana, amene anamangidwa mu 1992 atabwerera ku Malawi kudzalengeza poyera kuti dziko likufunika matipati ambiri, anabadwira ku Mhuju. Pa riferendamu ya pa 14 June 1993, pamene anthu ankasankha pakati pa nyali, chizindikiro cha matipati ambiri, ndi tambala wakuda wa chipani chimodzi, chigawo cha kumpoto chinavotera nyali mwaunyinji. Kuchokera nthawi imeneyo, anthu ambiri anazolowera kuyeza ufulu powerenga: chipani chimodzi ndi ukapolo, zipani zambiri ndi ufulu. Muyezo womwewo unasamukira kumsika, ndipo suli wabodza. Pamene lamya inali ya bungwe limodzi, munthu ankalembetsa n'kudikira mosadziwa tsiku. Makampani a foni za m'manja atayamba kulimbirana makasitomala, foni inafika kwa mlimi wa fodya ku Bolero ndi kwa msodzi wa usipa ku Mlowe, Airtel Money ndi Mpamba n'kuchotsa maulendo ambiri opita kubanki. Amene amanyoza mpikisano amaiwala msanga mmene zinthu zinalili usanabwere.

Komabe kuwerenga ogulitsa sikuthetsa nkhani. Katswiri wa filosofi Isaiah Berlin, m'nkhani imene anakamba ku Oxford mu 1958, anasiyanitsa mitundu iwiri ya ufulu. Woyamba ndi wakuti palibe munthu akukutsekera njira. Wachiwiri ndi wakuti ndiwe mwini moyo wako, wodzilamulira wekha. Berlin ankaukayikira wachiwiriwu, poona kuti maboma ankhanza amaugwiritsa ntchito ponena kuti akudziwa zofuna za anthu kuposa eni akewo. Pa muyezo woyamba, munthu wa ku Tchalo ndi mfulu kotheratu: palibe wapolisi kapena lamulo lomuletsa kugula intaneti kwa aliyense. Amartya Sen, katswiri wa zachuma wa ku India amene analandira mphoto ya Nobel mu 1998, anaona kuti muyezo wotere ndi woperewera. Kwa iye, chofunika kufunsa ndi chimene munthu angathedi kuchita ndi kukhala. Munthu wosala kudya ndi munthu wosowa chakudya onse agona ndi njala, koma mmodzi yekha ndiye wasankha. Momwemonso mkulu wa pa Boma amene wakana intaneti chifukwa sakuifuna ndi wosiyana ndi mtsikana wa Fomu 4 m'mapiri a Phoka amene akuifuna kuti aone zotsatira za mayeso a MSCE koma mafunde safika kwawo.

Chiphunzitso cha mpingo chili ndi chida chakuthwa kuposa apa, ndipo n'chochokera m'mwambo umene Sinodi ya Livingstonia inabadwiramo. Mkangano wa ufulu wa munthu pamaso pa Mulungu unayamba kale, Augustine atatsutsana ndi Pelagius cha m'ma 400, John Calvin n'kudzaukulitsa ku Geneva m'zaka za m'ma 1500. Mu 1754 mbusa wa ku America, Jonathan Edwards, analemba buku lonena za ufulu wa chifuniro cha munthu, mmene anasiyanitsa kulephera kwa mitundu iwiri. Pali kulephera kwachilengedwe, pamene munthu akufuna koma china chake kunja kwa mtima wake chikumukaniza, monga wolumala amene sangathamange. Palinso kulephera kwa mumtima, pamene mphamvu ilipo koma chifuniro palibe. Edwards anaphunzitsa kuti kulephera koyamba kumamasula munthu ku mlandu, pomwe kwachiwiri sikumumasula.

Kusiyanitsa kumeneku kukaikidwa pa nkhani ya netiweki, mlandu umasintha malo. Mwini nyumba ya kuseri kwa phiri ali m'kulephera kwa mtundu woyamba, ndipo kumuuza kuti asankhe mwanzeru n'kumunyoza. Koma malo oimikapo nsanja ya netiweki amasankhidwa ndi anthu. Akatswiri amawerenga kuchuluka kwa okhala m'deralo, ndalama zimene angagulire mayunitsi, mtunda wokafika pa magetsi a ESCOM, mtengo wa dizilo wa jenereta ndi msewu wokwezera zitsulo paphiri. Zina mwa zopinga zimenezi n'zachilengedwe ndithu. Zina n'zakuti phindu ndi lochepa, ndipo mawu akuti "sizingatheke" pamenepo amatanthauza kuti "sitikufuna pa mtengo umenewu". Kampani ili ndi eni masheya oyembekezera phindu, choncho si chinyengo kuganiza motero. Cholakwika chimabwera pamene anthu, ngakhale opemphera, ayamba kuona kusowa kwa netiweki ngati mvula kapena chilala, zinthu zongolandira n'kunena kuti ndi mmene Mulungu anafunira. Phiri linalengedwa. Mapu a nsanja anajambulidwa mu ofesi.

Kodi munthu wosakhutira ndi zimene akulandira amachita chiyani? Katswiri wa zachuma Albert Hirschman, mu 1970, anaonetsa njira ziwiri: kuchoka kapena kudandaula. Msika umadalira yoyamba, poganiza kuti kampani ikamataya makasitomala idzakonza zinthu. Koma kuchoka kumafuna kolowera. Kumene kukugwira netiweki imodzi yokha, palibe kolowera. Ngakhale kumene makampani onse awiri akugwira, kuchoka kuli ndi mtengo wake: nambala imene abale a ku Joni amatumizirapo ndalama, imene inalembedwa kubanki, kumpingo ndi kukalabu ya fodya, siitayidwa mwachisawawa. N'chifukwa chake ambiri sachoka, amangowonjezera layini yachiwiri. Kwatsala kudandaula. Mu 2020 anthu anadandaula mwamphamvu za kukwera mtengo kwa intaneti, ndipo makampani anatsitsa mitengo ina. Koma dandaulo limenelo linamveka kwambiri pa Facebook ndi pa Twitter, kutanthauza kuti olankhula anali amene intaneti anali nayo kale. Amene alibe netiweki alibenso njira yachidule yodandaulira za kusowa kwake, ndipo vuto lawo silifika n'komwe m'kaundula wa madandaulo.

Pamenepa nzeru ya umunthu, yoona munthu kukhala munthu chifukwa cha anzake, imafotokoza zinthu molondola kuposa chithunzi cha wogula woima yekha pamsika. Nsanja siimikidwira banja limodzi. Nthambo za faiba zimene zimalumikiza Malawi ndi zingwe za pansi pa nyanja yamchere kudzera ku Tanzania ndi Mozambique si za munthu mmodzi. Ngakhale pamudzi, foni imodzi yokhala ndi bandulo imatumikira nyumba zitatu kapena zinayi, ndipo sola ya pagolosale imatchaja mafoni a mudzi wonse. Malamulo a dziko amavomereza mfundo imeneyi. MACRA, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1998, linapatsidwa ndi lamulo la 2016 udindo woyendetsa thumba la Universal Service Fund, limene makampani amasonkhamo ndalama zofikitsira mauthenga kumadera amene msika pawokha sungapiteko. Thumba lotere ndi kuvomereza poyera kuti mpikisano uli ndi malire, ndipo kuti kuseri kwa malirewo ufulu wa munthu mmodzi umadalira chisankho cha gulu.

Mu 2023 kunabwera Starlink, intaneti yochokera ku masetilaiti, imene siisamala za phiri kapena kutalika kwa nthambo. Kwa chipatala, sukulu kapena malo ogona alendo ku Nyika, imeneyi ndi njira yeniyeni imene kale kunalibe. Kwa banja wamba, chopinga changosamuka kuchoka paphiri kupita m'thumba, chifukwa chipangizocho n'chodula, chimalipiridwa mwezi ndi mwezi ndipo chimafuna magetsi osadukiza. Dzina lina lawonjezeka pa mndandanda wa ogulitsa, koma mphunzitsi uja akadali pachulu. Ku Rumphi, chisankho chachikulu pa intaneti ya pakhomo chimapangidwa tsiku limene akatswiri akulemba pamapu malo oimikapo nsanja ndiponso tsiku limene ndalama za thumba lija zikugawidwa, ndipo pa masiku onse awiriwa mwini nyumba sakhalapo.