Kodi Kanema Aulule za M'nyumba?

Akuluakulu amati za m'nyumba sizituluka pabwalo. Koma zithunzi za kanema zonena za banja ndi za kukula kwa ana zimazitulutsa ndithu, ndipo tiyenera kufunsa ngati zicita bwino.

Taonani cithunzi ca Rungano Nyoni ca m'caka ca 2024, On Becoming a Guinea Fowl. Mtsikana Shula apeza mtembo wa amalume ace pamseu usiku. Pamaliro, amai a pabanjapo abisa zoipa zimene malemuyo anacitira ana aakazi, nasandutsa mkazi wamasiye kukhala wocimwa. Apa ndipo pali mphamvu ya kanema: anena mokweza, monga nkhanga icenjeza zinzace, cimene ife timangonong'ona kuseri kwa nyumba ya maliro ku Matero kapena ku Chawama.

Koma Shula ali ndi galimoto yace, sapempha munthu ufa. Nanga mtsikana wa ku Kanyama, amene amalume ace ndiwo amgulira mabuku ndi zobvala za kusukulu, akaulula madzulo, m'mawa adzadya kuti? Zithunzi zotere zimatha mwana atangotsegula pakamwa. Nyali ziyaka, oonerera nabalalika. Za m'mawa mwace sizitionetsa.