Mfundo Zofunika Posankha Buku la Dziko Lakutali

Munthu wa ku Bagamoyo, m'tauni ya Moatize, sachita kufunafuna maiko akutali pa mapu. Maikowo adamtsatira okha pakhomo. A ku Brazil adabwera ndi kampani ya Vale, imene idayamba kutulutsa malasha mu 2011, ndipo mu 2022 mgodiwo udapita m'manja mwa Vulcan, ya eni ake a ku India. Mathiraki ochokera ku Beira, ku Harare ndi ku Joni amadutsa mondondozana usana ndi usiku kulowera kuchipata cha Zóbuè. Nalo dzina la Bagamoyo ndi la tauni ya ku Tanzania, kumene FRELIMO inali ndi sukulu pa nthawi ya nkhondo yomenyera ufulu. Mwana wokulira pamalo otere sachedwa kulakalaka kuyenda, wina kukaphunzira ku Portugal kapena ku India, wina kukasaka ganyu kumwera. Asanamange katundu amafuna chowerenga, ndipo apa m'pamene ambiri amayambira kusochera.

1. Buku liyeseni kaye pa zimene mukuzidziwa. Mukapeza buku lalikulu lofotokoza maiko, kaya kwa ogulitsa mabuku akale m'mbali mwa msewu ku Tete kapena ku Limbe, musathamangire tsamba la Lisboa kapena la Mumbai. Tsegulani tsamba la kwanu. Kodi likudziwa kuti pa Zambezi ku Tete pali milatho iwiri, wa Samora Machel ndi wa Kassuende umene udatsegulidwa mu 2014? Kodi likutchulako Chinyungwe ndi Chinyanja, kapena likuganiza kuti aliyense kuno amadzuka ndi Chipwitikizi pakamwa? Mboni imene yanama pa mlandu umene inu mudauona ndi maso simungaikhulupirire pa mlandu umene simudauone. Ngati wolemba wapotoza za Moatize, za Brazil wazipotozanso, kungoti inu mulibe pozigwirira.

2. Musanafunse mtengo, funsani chaka. Chimakhala kuseri kwa tsamba la mutu, m'timalemba ting'onoting'ono, ndipo ogulitsa ena sakondwa mukamachiyang'ana. Chikuto chowala sichinena msinkhu wa buku. Buku losindikizidwa 1992 isanafike lidzakuuzani kuti msewu wa Zóbuè kupita ku Cuchamano amayendamo moperekezedwa ndi asilikali, zimene zinali zoona nkhondo isanathe. La chaka cha 2005 lidzakupatsani mitengo ya metical wakale, amene adamuchotsa maziro atatu mu 2006. Zambia idachitanso chimodzimodzi ndi kwacha yake mu 2013, ndipo za ndalama ya Zimbabwe ndiye musachite kunena: idasiyidwa mu 2009, ndipo mu 2024 kudabwera ina yotchedwa ZiG. Maina nawo sakhazikika. Swaziland ndi Eswatini kuyambira 2018, Port Elizabeth ndi Gqeberha kuyambira 2021, ndipo mapu ojambulidwa 2011 isanakwane alibe South Sudan. Agogo athu amene adakulira ku Vila Coutinho lero amakwera galimoto ya ku Ulongué. Buku lakale si lotaya, limasunga mbiri. Koma kuliyendera ulendo n'kufunsa njira kwa munthu amene adachoka m'mudzimo kalekale.

3. Fufuzani ngati wolembayo adapondapo ndi phazi lake pamalo amene akuwatama. Pa mfundo iyi tili ndi chitsanzo chathuchathu. David Livingstone adafika ku Tete mu Malichi 1856 atatsika ndi Zambezi kuchokera kumtunda. Chaka chotsatira adatulutsa buku lake lotchedwa Missionary Travels and Researches in South Africa, ndipo ku Britain lidagulidwa mwankhaninkhani. Zambiri zimene adalembamo zinali zoona. Malasha a kufupi ndi mtsinje wa Revúbuè, omwewa amene fumbi lake limadetsa zovala zoyanika ku Bagamoyo, adawaona ndipo adawalemba. Koma adauzanso anthu akwawo kuti Zambezi ndi njira ya sitima yolowera m'katikati mwa Africa. Chimene chidachitika n'chakuti asanafike ku Tete adausiya mtsinje n'kudula njira ya kumtunda, motero mathithi a Cahora Bassa sadawaone. Adangomva mphekesera zake, n'kuzipeputsa.

Boma la Britain lidakhulupirira, lidatulutsa ndalama, ndipo mu 1858 Livingstone adabweranso ndi sitima ya nthunzi yotchedwa Ma Robert. Pa Cahora Bassa adapeza phompho la miyala ndi madzi olusa amene sitima sikadawoloka. Ulendo udakhotera ku Shire. Bishopu Mackenzie, amene adabwera ndi amishoni potsatira pempho la Livingstone, adamwalira mu 1862, ndipo chaka chomwecho mkazi wa Livingstone, Mary, adaikidwa m'manda ku Chupanga. Mu 1863 boma lidalamula kuti ulendowo uthe.

Ine sindimuyesa Livingstone wabodza wamba. Adali munthu wofunitsitsa kuti chinthu chikhale choona mpaka adachilemba asanachione. Wolemba wotere ndi woopsa kuposa wabodza, chifukwa masamba ake oona amanyamula tsamba lolakwikalo n'kulilowetsa m'mutu mwanu osazindikira. N'chifukwa chake ndimalemekeza buku limene limavomera poyera kuti chigawo chakutichakuti wolemba sadafikeko, adangouzidwa. Kudzichepetsa kotereku n'kosowa m'mabuku monga n'kosowanso pakati pa anthu.

4. Mabuku atatu akanena chinthu chimodzi, si kuti mwamva mboni zitatu. Mu 1798 katswiri wa mapu wa ku Britain, James Rennell, adajambula mndandanda wa mapiri aatali kumadzulo kwa Africa n'kuwatcha mapiri a Kong. Ojambula mapu ena adakopera, enanso adakopera kwa okoperawo, ndipo ana asukulu adawaloweza kwa zaka pafupifupi 90. Mpaka cha m'ma 1889 pamene Mfalansa wina, Louis-Gustave Binger, adayenda m'deralo n'kupeza kuti mapiriwo kulibe. Masiku ano pa intaneti kukoperana kumeneku kumatenga tsiku limodzi. Yang'anani ngati buku likunena kumene lidatenga nkhani zake.

5. Dzifunseni kuti bukuli adalembera yani. Mabuku otchuka otsogolera alendo adabadwira kwa azungu oyenda mokasangalala. Lonely Planet idayamba mu 1973 ndi Tony ndi Maureen Wheeler atayenda pamtunda kuchoka ku Ulaya kudutsa Asia. Bradt idayamba mu 1974. Ndi mabuku olembedwa mwakhama, ndipo mapu ake a m'matauni ngothandiza. Koma mlendo amene ali m'maganizo mwa wolemba ali ndi pasipoti yotsegula zipata zambiri, khadi la kubanki, ndi tikiti yobwererera m'thumba. Adzamuuza kumene angaone mikango ndi kumene angadye motsika mtengo. Sadzamuuza zimene mwana wa ku Moatize akufuna kudziwa: kuti viza imafuna makalata otani, kuti maofesi a akazembe ambiri ali ku Maputo, mtunda woposa makilomita 1,500 kuchokera ku Tete, kuti pabwalo la ndege angamupatule pamzere n'kumufunsa ndalama zimene wanyamula, kuti ndi dera liti la mzinda kumene munthu wakuda wolankhula mwachilendo ayenera kuyenda mochenjera.

Anthu akuda a ku America adaliona vutoli kale. Mu 1936 Victor Hugo Green, wogwira ntchito ya positi ku New York, adayamba kusindikiza kabuku kotchedwa The Negro Motorist Green Book, kosonyeza mahotela, malo odyera ndi omwetsera mafuta kumene munthu wakuda akadalandiridwa osanyozedwa. Kadatuluka mpaka m'zaka za m'ma 1960. Misewu inali yomweyo imene azungu ankayendamo, koma ulendo wake unali wina. Buku labwino kwa mnzanu likhoza kukhala losakwanira kwa inu, ndipo palibe manyazi kuvomereza zimenezo.

6. Kumbuyo kwa dzina lalikulu la pachikuto kuli anthu amene adaidziwa njira. Livingstone adatsika Zambezi motsogozedwa ndi Sekwebu, amene ankadziwa mtsinjewo ndi zilankhulo zake, pamodzi ndi amuna oposa 100 amene adawasiya ku Tete. Ena mwa Amakololo amene ankamuperekeza pa maulendo ake pambuyo pake adadzakhala mafumu ku chigwa cha Shire. Ndipo iye asanabadwe n'komwe, amalonda awiri a ku Angola, Pedro João Baptista ndi Amaro José, adayenda kuchokera ku Angola n'kufika ku Tete mu 1811, Baptista akulemba za ulendowo. Ndi angati mwa ife adamvapo maina amenewa kusukulu?

A Sekwebu a lero ali pa Zóbuè pomwepa: madalaivala a mathiraki ogona pamzere kudikira mapepala, amayi a geni okapikula katundu ku Joni, makondakitala a mabasi odziwa ola limene mzere wa pa Beitbridge umafupika. Safunsa adadya phula. Komabe nawo muwamvere ndi khutu limodzi lotseka. Wobwera kutchuthi atavala jekete yatsopano sanena za chipinda chimene amagona anthu asanu ndi atatu, kapena za miyezi imene adakhala ku Lindela, malo otsekera alendo opanda mapepala ku South Africa, kudikira kubwezedwa kwawo. Buku limasowa fungo la msewu, wapaulendo amasowa chithunzi chonse. Muwakumanitse awiriwa, ndipo pamene akutsutsana m'pamene muyenera kufunsanso.

7. Pali cholembedwa chofuna kukudziwitsani, pali chofuna kukugulitsani. Chachiwirichi mudzachizindikira chifukwa mulibe choipa chilichonse: dziko lake lilibe chisanu, lilibe msonkho, lilibe apolisi. Timapepala ta olemba anthu ntchito zakunja ndi mauthenga oyenda pa WhatsApp ndi Facebook nthawi zambiri ndi a mtundu umenewu. Mu 2024 a BBC adaonetsa amayi a ku Malawi amene adakopeka ndi malonjezo a ntchito ku Oman, n'kukapezeka ali antchito a m'nyumba olandidwa mapasipoti. Buku lililonse lozama la maiko a ku Gulf limafotokoza dongosolo la kafala, limene limamangirira wantchito kwa bwana wake. Kapepala ka wolemba ntchito sikalitchula. Kuno kwathu kuli Amadgermanes, amene adapita kukagwira ntchito ku East Germany potsatira pangano la 1979, gawo la malipiro awo n'kumasungidwa kuti adzalandire pobwera, ndipo mpaka lero amaguba m'misewu ya Maputo kufunsa ndalamazo. Ndiponso pa msewu wathu womwewu, pa Mussacama m'boma la Moatize, mu Malichi 2020 mudapezeka mitembo 64 ya anthu a ku Ethiopia m'kontena ya thiraki yochokera ku Malawi. Aliyense wa iwo adali atauzidwa ndi wina wake kuti njira ndi yabwino. Tsamba lofunika kwambiri kuliwerenga musanachoke ndi la pangano la ntchito, ndipo ngati lili m'chilankhulo chimene simumva, pezani wokuwerengerani amene sakudyapo kanthu.

8. Onani mmene buku likunenera za eni dziko. António Gamitto adanyamuka ku Tete mu 1831 ndi Major Monteiro kupita kwa Mfumu Kazembe, ndipo buku lake, O Muata Cazembe, lidatuluka ku Lisboa mu 1854. Akatswiri a mbiri amalidalirabe pa zimene adalemba za Amaravi ndi Achewa, mafumu awo, ulimi wawo ndi miyambo yawo, chifukwa adali ndi diso loona zinthu. Koma adalemba monga msilikali wa atsamunda, woyang'ana makolo athu kuchokera pamwamba. Ife amene tikudziwa kuwawa kwa kulembedwa motero tisamakondwere ndi buku limene likunena Amwenye onse, Matchaina onse kapena Aluya onse ndi mawu amodzi. Likunyoza iwo lero, ndipo mutu wotsatira ukunyoza inu. Komanso munthu wopita kwa eni ake atanyamula chipongwe cha m'buku sapeza womusonyeza njira.

9. Ndalama zikachepa, gulani buku la zinthu zosasintha msanga, zosinthazo mukafunse kuofesi. Mtengo wa rand ndi kwacha umene osintha ndalama pa Zóbuè akuuzani m'mawa ukhoza kusiyana ndi wamadzulo, ndiye buku lingausunge bwanji? Malamulo a viza nawo amasintha: mu 2023 Mozambique idachotsa viza kwa nzika za maiko 29, ndipo mabuku onse akale adatsalira tsiku lomwelo. Zotere n'za ku Migração ndi kwa kazembe. Buku likupatseni mapu, mbiri, nyengo, chipembedzo ndi chilankhulo. Likuuzeni kuti Disembala amene kuno thukuta limachita kuyenderera, ku Lisboa kumakhala kozizira; kuti ku Portugal, ku Brazil ndi ku Angola, ngakhale amalankhula Chipwitikizi chathu chomwechi, galimoto zimayenda kudzanja lamanja, kotero powoloka msewu muyambe mwayang'ana kumanzere. Wophunzira ku Moatize, amene sukulu yake yonse ndi ya Chipwitikizi, akamalinga ku Joni kapena ku India ayambe ndi mtanthauziramawu wa Chipwitikizi ndi Chingerezi, kenaka atilasi yatsopano. Buku lotsogolera alendo angabwereke, kapena asonkherane anayi n'kugula limodzi, aliyense wobwerako n'kumalemba ndi pensulo m'mphepete mwa tsamba zimene wapeza zitasintha, pamodzi ndi mwezi ndi chaka.