Kodi Kukhala Chete M'minibasi N'kuleza Mtima?

Pa makhalidwe onse amene timakambirana tikakumana, kuleza mtima ndiko timagwirizanapo msanga. Palibe amene amatsutsa. Koma khalidwe limene aliyense akulivomereza mosafunsa funso nthawi zambiri limakhala loti sitinaliyese pamalo ovuta. Kwa ife okhala mumzinda wa Blantyre, malo ovutawo sali kutali. Ali pa siteji ya minibasi, m'mawa uliwonse, kuyambira Lolemba mpaka Loweruka.

Kalembera wa 2018 adapeza kuti mzinda uno uli ndi anthu pafupifupi 800,000. Ambiri mwa iwo amagona ku Ndirande, ku Bangwe, ku Chilomoni, ku Zingwangwa, ku Machinjiri ndi ku Chirimba, koma ntchito ili m'tauni, ku Limbe, ku Ginnery Corner ndi m'mafakitale a ku Makata. Choncho kukacha mzinda wonse umasamuka, kukada n'kubwereranso, ndipo gawo lalikulu la msamukowo limadutsa mumsewu umodzi, wa Masauko Chipembere. Akuluakulu pakati pathu akukumbuka mabasi aakulu a UTM, kenako a Stagecoach, kenako a Shire Bus Lines, amene ankakhala ndi nthawi yake yonyamukira. Lero nthawi ya minibasi ndi imodzi yokha: ikadzadza.

Zimene zimatipweteka tonse tikuzidziwa. Woitanira akukuwa kuti kwatsala malo awiri okha, tikwera, kenako atatu mwa amene tinawapeza atakhala atsika mmodzimmodzi, chifukwa sanali apaulendo koma ongodzazitsa mipando kuti tikopeke. Mtengo wa m'mawa si wa madzulo, ndipo mitambo ikangoda umakweranso. Chenji timauzidwa kuti tilandira kutsogolo, kutsogoloko osafika. Nthawi zina tili pakati pa ulendo dalaivala aona kuti anthu achepa, aima, n'kutisamutsira m'minibasi ina yodzadza kale. Mawu amene timanena pamenepo ndi olemera kuposa mmene timaganizira: timati atigulitsa.

Tisanafike pa funso lathu, tiyeni tione kaye chimene chimayendetsa minibasi, chifukwa si mafuta okha. Nthawi zambiri dalaivala si mwini galimoto. Mwiniwake amafuna ndalama yoikika tsiku lililonse, imene amaitcha tageti, kaya kwagwa mvula kaya anthu anali ochepa. Pa ndalama yotsalayo m'pamene pachoke mafuta, ya oitanira, ndi chakudya cha mabanja awiri, la dalaivala ndi la kondakitala. Galimoto zambirizi ndi zakale, zogwirapo kale ntchito ku Japan, ndipo chitsulo chilichonse chikathyoka chimagulidwa ndi ndalama yakunja. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kutsitsidwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, mtengo wa matayala, mabuleki ndi mafuta sunafunse ngati malipiro a okwera akwera. Munthu wachinayi pa mpando wa anthu atatu amachokera pamenepo. Liwiro limachokera pamenepo. Ngakhale bodza la malo awiri lija limachokera pamenepo.

Pa mndandanda wonsewu, munthu yekhayo amene tingamugwire malaya ndi kondakitala. Amene amaika mtengo wa mafuta sitimuona. Mwini minibasi sitimudziwa. Amene adakonza misewu yochepa mumzinda wa anthu ochuluka chonchi sakwera nafe. Ndiye mkwiyo wonse wa m'mawa umakathera pa mnyamata wopindika msana pakhomo, amene alibe ndi mpando womwe, amene wadzuka usiku kuposa tonsefe. Mkwiyo uli ngati madzi a mvula ya ku Ndirande: sukwera phiri, umatsikira kwa wokhala kumunsi.

Wina anganene kuti, basitu, nkhani yatha: timvetse, tikhululuke, tikhale chete. Apa m'pamene tikufuna tichedwepo, chifukwa yankho limeneli n'lofulumira kwambiri. Kudziwa chifukwa chimene munthu wanamira sikusandutsa bodza kukhala choona. Kondakitala amene wakana kubweza chenji cha gogo wosadziwa kuwerengera bwino wamubera, ngakhale tageti itamuvuta chotani. Ndipo chete wathu si wamtundu umodzi.

Pali chete amene timakhala naye minibasi ikachedwa kudzadza, wina akatiponda phazi, kapena dengu la tomato likatikanda mwendo. Chimene chatayika apa n'chathu: mphindi zathu, ufulu wa mwendo wathu, kuyera kwa nsapato yathu. Popeza n'chathu, tili ndi ufulu wochipereka. Munthu amene angathe kupsa mtima koma n'kusankha kusuntha pang'ono kuti mayi wa dengu akhale bwino wachita chinthu chenicheni, ndipo wachichita nthawi imene palibe amene amuyamike. Uku ndiko kuleza mtima, ndipo si kwa anthu ofooka. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Palinso chete wina. Dalaivala akupitirira galimoto inzake pamtunda pamene sakuona kutsogolo, foni ili kukhutu, ife tonse tangoti duu, aliyense akupemphera chamumtima. Anyamata a pa siteji akukoka mtsikana wa sukulu dzanja, akumunena mawu oti sitingawabwereze pano, ife tikuyang'ana pawindo lina. Gogo uja watsika chenji chake osalandira, ife tikudziwa bwino lomwe kuti anapereka ndalama yaikulu. Kunja chete ameneyu amafanana ndi woyamba uja, nkhope yofatsa yomweyo, manja pamiyendo. Koma chimene chikutayika si chathu. Ndi ndalama ya gogo, ulemu wa mtsikana, miyendo ndi moyo wa anthu khumi ndi asanu pamodzi ndi ana amene akuwadikira kunyumba. Munthu angakhululuke ngongole imene wina ali nayo kwa iye, koma sangakhululuke ngongole ya mnzake. Tikakhala chete pamenepa tapereka chinthu cha eni ake, ndipo kuchitcha kuleza mtima n'kuveka mantha malaya a khalidwe labwino.

Ndiye funso lothandiza tikakhala pampando paja lingakhale ili: ndikapanda kuyankhula, alipire ndani?

Tisaganize kuti funsoli limathetsa zonse. Aliyense amene adayesapo kuyankhula akudziwa yankho limene limabwera: "Ngati mukufuna kukhala motakasuka, gulani yanu." Chopweteka n'choti nthawi zambiri amene amayamba kuseka ndi okwera anzathu. Ena ndi omwe amauza dalaivala kuti aponde chifukwa achedwa ku ntchito, ndipo sakunama, kuchedwa kwawo kuli ndi mtengo kwa bwana. Mwambi woti kuthamanga sikufika timaukonda tikakhala kunyumba, osati 7 koloko itadutsa tili pa Chichiri.

Nkhani ya munthu wachinayi pampando ndiyo yovuta kwambiri. Tikakhala kale mkati, kumukana kumaoneka ngati kuteteza lamulo. Tikakhala kunja, mdima ukugwa, mvula ikuyamba, minibasi zitatu zadutsa zodzadza, munthu wachinayiyo ndife, ndipo amene akukana kusuntha timamuona ngati wouma mtima. Mu 2020, nthawi ya Covid-19, okwera atachepetsedwa m'minibasi, tidakhaladi motakasuka, koma mitengo idakwera, ndipo amene sadakwanitse adayamba kuyenda pansi. Anthu oterewa alipo mpaka lero. Tikadzuka m'bandakucha tidzawaona ali mumzere m'mbali mwa msewu, kuchokera ku Ndirande, ku Mbayani ndi ku Bangwe, kansima kapena kachinangwa kali m'jumbo. Iwo sadandaula za chenji kapena za mpando wothina. Madandaulo athu a m'minibasi, kwa iwo, ndi madandaulo a anthu opeza bwino. Chilungamo chimene chingatipatse malo otakasuka ife, enawo n'kutsala pansi, n'chilungamo cha mbali imodzi. Komabe mabuleki a galimoto sadziwa za chifundo chathu. Akalemedwa kupyola muyeso sagwira, ndipo potsetsereka sipasowa mumzinda wa mapiri ngati uno. Sitikuganiza kuti pali yankho limodzi loyenera tsiku lililonse. Chimene tikukana n'kunena kuti funsolo kulibe.

Ena mwa ife timayenda pa galimoto zathu, ndipo tingaganize kuti zonsezi zatipitirira. Ayi ndithu. M'minibasi vuto ndi loti munthu mnzathu ali pafupi kwambiri, chigongono chake chili m'nthiti mwathu. M'galimoto vuto ndi loti saonekanso. Galasi likangotsekedwa, anthu amasanduka zinthu. Timati "Sienta iyi", "kabaza uyu", "chilole ichi". Munthu waulemu wake, amene sangadumphe mzere ku banki anthu akumuona nkhope, amatha kutuluka pamzere wa galimoto pa Ginnery Corner, kudutsa m'mbali modutsa oyenda pansi, n'kukalowetsa mphuno ya galimoto kutsogolo, mtima uli m'malo. Sanasinthe khalidwe. Wangochoka pamaso pa anthu.

Aliyense wodumpha mzere amakhala ndi chifukwa, ndipo kawirikawiri chifukwacho n'choona. Mwana achedwa ku sukulu, msonkhano wayamba, wodwala akudikira ku Queens. Cholakwika sichili pa chifukwacho koma pa kuganiza kuti galimoto makumi awiri zimene wazidutsazo mulibe zifukwa. Chathu timachimva m'mimba, cha anzathu sitichiona, choncho chathu chimaoneka chachikulu nthawi zonse. Mizere ya mafuta imene tidaiona mu 2022 ndi zaka zotsatira idaonetsa zimenezi poyera. Anthu adagona m'galimoto usiku wonse pa filing'i siteshoni, kukacha n'kuona wina amene wangofika kumene akuthiridwa chifukwa amadziwana ndi wothira, kapena zigubu zikudzadzidwa kuseri kuti zikagulitsidwe pamtengo wokwera. Amene adathandizidwa mwa njira imeneyi mwina adafika kunyumba n'kuthokoza kuti ali ndi abwenzi abwino. Mafuta amene adathiridwawo anali a munthu amene thanki idamuthera pamphuno, atadikira maola khumi.

Pali kanthu kenanso kakang'ono kamene oyendetsa galimoto sakaona n'komwe. Nyengo ya mvula, kuyambira November mpaka April, madzi amadikha m'maenje a mumsewu. Kuchepetsa liwiro pofika pa chithaphwi kumatenga kamphindi. Kusachepetsa kumatanthauza kuti mayi amene wachapa ndi kusita yunifolomu yake imodzi yokhayo akafika ku ntchito ali matope mpaka m'chiuno. Woyendetsayo sadzadziwa. Amakafika ali wosalakwa m'maso mwake, mipando itatu ili yopanda munthu, atadutsa mnansi wake wa nyumba yachitatu ataima pa siteji. Kuopa kunyamula anthu osawadziwa n'komveka, pakuti zauchifwamba zilipo. Koma mnansi si mlendo.

Tibwerere m'minibasi, ku funso la mmene tingayankhulire. Zikuoneka kuti mawu amene amagwira ntchito ndi oyankhulidwa msanga, mkwiyo usanafike pakhosi. "Adalaivala, chonde pang'onopang'ono, muli ana muno." "Achimwene, agogowa anakupatsani yaikulu, ndinaona." Mawu otere amamusiyira munthu khomo lotulukira ndi ulemu wake. Angathe kunena kuti anaiwala, n'kubweza. Tikayamba ndi kumutcha wakuba pamaso pa anthu, tamutsekera khomolo, ndipo adzateteza bodza lake mpaka pa siteji yomaliza, chifukwa tsopano akuteteza nkhope yake. Munthu amene tsiku lonse amaitanidwa kuti "iwe" amadabwa akamva "inu".

Koma woyamba kuyankhula si amene amasintha zinthu kwenikweni. Iye amakhala yekha, ndipo munthu mmodzi n'chapafupi kumuseka. Amene amatembenuza minibasi ndi wachiwiri, uja amangoti, "Akunena zoona amayiwa." Pamenepo dalaivala sakulimbananso ndi munthu wovuta mmodzi koma ndi okwera ake, ndipo wachitatu ndi wachinayi amapeza mawu mosavuta. Ambiri a ife sitinabadwe olimba mtima moti n'kuyamba. Kukhala wachiwiri kokha sikufuna kulimba mtima kochuluka, kumangofuna kuti tichotse maso pa foni.

Ulendo suthera pa siteji. Ena mwa ife tili ndi anthu otigwirira ntchito: wothandiza pakhomo, mlonda, mnyamata wa pa shopu, kapena antchito amene timawayang'anira ku ofesi. Mtsikana amene amafika pakhomo pathu 7 koloko kuchokera ku Bangwe mwina wakwera minibasi ziwiri, kapena wakwera imodzi n'kuyenda pansi gawo lotsalalo kuti ndalama ikwane mwezi. Zonse zimene takambirana pano wadutsamo tisanamwe tiyi: malo awiri abodza, kugulitsidwa panjira, madzi a m'chithaphwi. Akachedwa ndi theka la ola, ife amene dzulo lomweli tinafotokozera bwana wathu za mzere wa pa Chichiri n'kuyembekeza kuti amvetse, timamuyankha chiyani? Ndipo mitengo ya minibasi itakwera komaliza, ndi angati mwa ife adakhala naye pansi n'kuwerengera limodzi kuti pa malipiro ake, zingati zikuthera panjira yobwerera kwathu?