Za Cuma ca Tonse ndi Osunga Ace

Werengani Nehemiya 3.

Pamene Nehemiya anafika ku Yerusalemu anapeza linga la mudziwo logumuka ndi zipata zace zopsa ndi moto. Lingalo linali la anthu onse, ndipo cinthu ca onse cisowa wocisamala, pakuti yense amati, Adzakonza ndi ena. Koma mutu uwu uchula anthu amene anadzipereka okha: ansembe, osula golidi, osanganiza zonunkhira, ocita malonda, ndi ana akazi a Salumu pamodzi ndi atate wao. Ambiri anamanga pafupi ndi makomo ao. Akuru a ku Tekowa anakana kusenza nao, ndipo manyazi ao alembedwa kufikira lero. Nchito yonse inatha m'masiku 52.

Ifenso tiri naco cuma ca tonse cimene cirikugumuka: mapiri, nkhalango ndi akasupe. Taonani nkhalango ya Congoni m'dziko la Dedza. M'mapanga ace ndi pansi pa matanthwe muli malo 127 a zithunzi zolembedwa pamwala, monga pa Mphunzi ndi pa Namzeze. Zofiira anazilemba Akafula, alenje amene anakhalamo kale. Zoyera anazilemba makolo athu Acewa ndi dothi loyera, ndipo zambiri zinali za mwambo wa cinamwali. M'caka ca 2006 bungwe la UNESCO linawerengera malowa pamodzi ndi cuma ca dziko lonse lapansi.

Kapena wina adzati, Nanga Mkristu ali naco ciani ndi zithunzi za anthu osadziwa Mau? Tamverani. Sitizipembedza iai. Koma luso la manja licokera kwa Mulungu, amene anapatsa Bezaleli nzeru za kusema ndi kuzokota, monga tiwerenga pa Eksodo 31. Zithunzizo ndizo mboni zakuti dziko lino linali ndi eni ace ife tisanabadwe, ndi kuti lidzakhala ndi ena titapita. Mnyamata wolemba dzina lace ndi khala pamwamba pa zithunzi za makolo afafaniza kalata imene palibe adzailembanso. Wotentha chire kuti agwire mbewa apsereza mitengo yaing'ono, ndipo utsi udetsa thanthwe. Wodula mitengo ya m'phiri asiya nthaka yabvumbuluka. Mvula ikokolola dothi, madzi salowa pansi, ndipo kasupe aphwa m'cilimwe. Pamenepo amai ndi ana ndiwo ayenda mtunda wautali ndi mitsuko.

Alonda a Boma ali owerengeka, ndipo sangathe kuima pa phanga liri lonse. Akuru anati, mutu umodzi susenza denga. Tsono mpingo uli wonse uyang'ane cimene ciri pafupi ndi khomo lace, kapena ndi phiri, kapena manda, kapena citsime, kapena nkhalango ya mudzi. Akuru a mpingo apangane ndi mfumu tsiku la nchito. Mvula itatha, amuna alambule njira zochinga moto udzu usanaume. M'nyengo yodzala mitengo, kuyambira Disembala kufikira Epulo, amai a Cigwirizano ndi anyamata aoke mbande za mbawa ndi masuku, nazilimire kufikira zitakula. Aphunzitsi akwere ndi ana kuphiri, awaonetse zithunzizo osazikhudza, ndipo ana azilembe pa mapepala ao, osati pamwala.

Musafunse kuti, Atilipira ndani? Mulungu anaika munthu woyamba m'munda kuti akhale mlimi ndi mlonda wace, ndipo udindo umenewo sanaucotse pa ife. Dzifunseni usiku uno: m'buku la Mulungu dzina langa lidzalembedwa pamodzi ndi ana a Salumu kodi, kapena ndi akuru a ku Tekowa? Ambuye atipatse mitima yofuna ndi manja olimba. Amen.