Kunena Odi M'mudzi wa Maseŵera

Ife amene tidakulira m'midzi ya kuzambwe kwa Lilongwe tikuŵakumbukira bwino masanje. Chimanga chikachoka m'munda, cha m'mwezi wa Meyi kapena Juni, ana tinkatola mapesi ndi kumanga timisasa kuseri kwa mudzi. Tinkasankha mfumu yathu, tinkakhala m'mabanja achibwana, atsikana ankapempha ufa ndi mchere kwa amai ao, anyamata ankapita kokakumba mbeŵa kuti ndiwo zipezeke. Aliyense ankadziŵa kuti mudziwo ngwongoyerekeza, ndi kuti mvula isanagwe ng'ombe zidzakhala zitadya nyumba zonsezo. Komabe mwana wochokera ku mudzi wina sankangoloŵa ngati mbuzi. Ankaima chapatali ndi kunena odi, eni masanje n'kumuonetsa pomanga. Ndipo amene ankagwetsa kanyumba ka mnzake mwadala ankaimbidwa mlandu, ndipo misozi ya mwini kanyumbako inali misozi yeniyeni.

Zimenezi zatibwerera m'maganizo chifukwa cha zimene tidaona pa banja lina kufupi ndi Namitete pa tchuthi chapitachi. Mnyamata wa ku sekondale adabwereka foni ya amalume ake, ndipo anzake a m'kalasi adamuitana kuti aloŵe nao m'maseŵera otchedwa Minecraft. Tsiku loyamba lomwelo adapeza bokosi pakhomo pa nyumba ya wina natengamo zida zachitsulo, adakolola tirigu m'munda umene adaupeza wopanda munthu, kenaka adamanga chinsanja chake kutsekera khomo la mnzake. M'maŵa mwake adapeza atamtsekera kunja. Adapita kwa agogo ake aamuna nkhope ili gwaa.

"Agogo, andithamangitsa popanda chifukwa. Zinthu zakezo si zenizeni ai, ndi zithunzi chabe za m'foni."

Mkuluyo, amene foni saigwira n'komwe, adamuyang'ana nati, "Nanga ngati si zenizeni, mdzukulu wanga, ukudandauliranji kuti akutsekera?"

Makolo ambiri maseŵera ameneŵa sitikuŵadziŵa, choncho tiŵafotokoze pang'ono. Adayambidwa m'chaka cha 2009 ndi munthu wa ku Sweden dzina lake Markus Persson, ndipo m'chaka cha 2014 kampani ya Microsoft idagula kampani yake ya Mojang pa mtengo wa madola 2.5 biliyoni. Pofika 2023 anali atagulidwa koposa ka 300 miliyoni pa dziko lonse. Dziko la m'maseŵeramo ndi lopangidwa ndi timabokosi tofanana ngati njerwa: dothi, miyala, mitengo, madzi. Woseŵera amakumba, amadula mitengo, amalima, amaŵeta nkhosa ndi nkhuku, amamanga nyumba. Angathe kuseŵera yekha, koma ambiri amakonda kuloŵa pa seva, ndiye kuti kompyuta imene imasunga dziko limodzi loti anthu ambiri aziloŵamo kudzera pa intaneti, wina ali ku Nsaru, wina ku Area 25, wina ku Johannesburg. Zimene wamanga lero zimakhalapobe maŵa, ngakhale iwe utagona. Pamenepa ndiye pagona nkhani yathu, pakuti mlendo aliyense amafika m'dziko limene ena adalikhetsera kale thukuta.

Funso la mnyamata uja tisalipeputse, chifukwa akuluakulu ophunzira nawonso amalifunsa. Kodi munthu angalakwire mnzake pa chinthu chimene kulibe? Tirigu uja sadyedwa. Zida zija sizingagulitsidwe pa msika wa Mpingu. Palibe amene adagona ndi njala chifukwa cha kubako. Ndiponso m'maseŵera ambiri kulanda n'kololedwa. Pa bawo timadya nkhomo za mnzathu mpaka kumusiya manja lende, ndipo palibe amene amatitcha mbala. Ku masanje komwe kunkakhala wina woseŵera ngati fisi, ntchito yake kudzaba chakudya, ndipo tonse tinkaseka pomuthamangitsa.

Koma taganizirani bawo lomwelo. Mnzanu akacheuka kuti ayankhe moni, inu n'kutapa nkhomo ziŵiri m'dzenje lake, pamenepo mwaba, ngakhale nkhomozo zili timiyala totola pa njira. Kusiyana kwake sikuli pa mtengo wa timiyalato. Kudya kwa poyamba kuja mudagwirizana nonse pokhala pansi. Kutapa kwachiŵiriku mwachita kuseri kwa pangano. Fisi wa ku masanje tinkachita kumusankha. Mwana wongobwera n'kutaya miphika yathu popanda kumusankha sankakhala fisi, ankakhala mwana wopanda mwambo, ndipo nkhani yake inkafika kwa amai ake madzulo omwewo.

Tikayang'anitsitsa tipezanso kuti m'nyumba ya m'foni ija muli zenizeni zambiri. Muli nthaŵi: madzulo khumi kapena makumi aŵiri amene mwana wina adakhala akusanja njerwa imodziimodzi. Kuno kwathu mulinso ndalama, pakuti foniyo amakaitchajitsa pa golosale kapena kwa ometa tsitsi, ndipo mayunitsi a intaneti amagulidwa ndi ndalama ya ganyu kapena ya mtedza wa m'chigoba. Mwana wa ku Kabudula amene wamanga nyumba yotere walipira kwambiri kuposa mnzake wa ku London. Ndipo koposa zonse muli chikhulupiriro. Mwini bokosi uja adalisiya losatseka chifukwa ankati ali pakati pa anzake. Ma seva ambiri ali ndi njira yolembera amene waika kapena kuchotsa njerwa iliyonse, kotero kuti oyang'anira angathe kubwezeretsa nyumba yogwetsedwa m'kanthaŵi kochepa. Nyumba imabwerera ndithu. Koma kuyambira tsiku limenelo mabokosi amayamba kutsekedwa, malamulo amachuluka, ndipo mlendo wotsatira amalandiridwa ndi diso la nkhwezule chifukwa cha mlendo woyamba uja.

Za malo opanda mwambo sitichita kuyerekeza, alipo. Pali seva ina yotchuka dzina lake 2b2t, imene idayamba m'chaka cha 2010 ndipo eni ake adasankha kuti pasakhale malamulo oletsa kuba kapena kugwetsa. Pamalo pamene alendo amafikira padasanduka chipululu cha maenje ndi miyala, popanda mtengo kapena chakudya, ndipo amene akufuna kumanga kanthu amathaŵira kutali kwambiri ndi kubisa malo ake ngati mfiti. Nyumba zokongola zimene zidamangidwa kumeneko zambiri zidagwetsedwa malo ake atangodziŵika. Chitsanzo china n'cha ku Denmark. M'chaka cha 2014 ofesi ya boma yoona za mapu idamanga dziko lonse la Denmark m'maseŵera ameneŵa kuti ana a sukulu aziphunzirirapo. Pasanathe milungu ingapo alendo ena adaphulitsa mbali zina ndi kuzikapo mbendera za dziko la America. Sadapindule kanthu. Adangokondwa kuona chinthu cha eni chikugwa, ndipo mtima umenewo tonse timaudziŵa, chifukwa ndi womwe uja umatentha tchire la mnzathu m'mwezi wa Seputembala pofuna mbeŵa zitatu.

Tsono zimene oseŵera akale amapempha kwa mlendo, tikazimva, tiona kuti agogo athu adazinena kalekale. Amati uyambe waŵerenga malamulo ndi kupereka moni usanagwire kanthu. Ife timati safunsa adadya phula. Amati usamange pafupi ndi nyumba ya wina usanamufunse, ndipo ukakolola m'munda wa onse ubzalenso. Amati ukadula mtengo usasiye nthambi zili lende m'mwamba, uumalize ndi kubzala wina, ndipo dzenje limene wakumba pa njira ulikwirire. Amanyansidwa ndi mlendo amene tsiku loyamba lomwelo ayamba kupempha miyala ya mtengo wapatali kapena udindo woyang'anira anzake, monga momwe mudzi ungadabwire ndi mkamwini wofunsa za unyakwaŵa mkazi wake asanamuphikire nsima kaŵiri.

Pa zonsezi chimene chimavuta alendo kwambiri n'chakuti malire ambiri saoneka. Mnyamata wathu uja adati munda adaupeza wopanda munthu. Koma ndi munda uti umene mwini wake amagonamo? Munthu wochokera kutali akayenda m'mbali mwa mtsinje wa Bua kapena wa Nambuma adzaona tsala lomera udzu, adzaona kankhalango ka mitengo ikuluikulu pakati pa minda, adzaona dimba louma m'dambo, ndipo angaganize kuti zonsezi n'zopanda mwini. Ife tikudziŵa kuti tsala lija likungopuma, kankhalango kaja ndi manda kapena dambwe, ndipo woloŵamo ndi nkhwangwa adzalipira mbuzi kapena nkhuku kwa amfumu. Ngakhale pamene boma lidabwera ndi chitukuko cha Lilongwe Land Development Programme kuyambira m'chaka cha 1968, n'kuyamba kuyeza ndi kulembetsa minda ya mabanja m'dongosolo lija tinkalitcha ndunda, oyeza malo sakadatha kuzika chizindikiro ndi chimodzi chomwe popanda kufunsa akuluakulu a mbumba kuti malire adutsa pati. Mapepala adabwera pambuyo. Malire anali kale m'mitu ya anthu. Mlendo wanzeru amayamba ndi kuganiza kuti chilichonse chimene wachipeza chili ndi mwini wake, kufikira atauzidwa kuti n'cha onse.

Tisaimire pomwepa ngati kuti mlandu wonse ngwa mlendo. Ife eni mudzi tili ndi matenda athu, ndipo tiŵavomere. Mwambo womwewo umene umateteza mudzi timatha kuusandutsa chibonga. Ndi akamwini angati amene adamanga nyumba ya njerwa zootcha pa mudzi wa eni, adabzala mango ndi bulugamu, koma patapita zaka makumi aŵiri akutchedwabe obwera, ndipo mkazi atamwalira adachoka ndi kachikwama kokha? Ndi matenanti angati ochokera ku Mulanje ndi ku Thyolo amene adalima fodya m'maesiteti a chigawo chino osapatsidwa mau pa chilichonse, kufikira lamulo la m'chaka cha 2021 lidathetsa dongosolo limenelo? Pa ma seva zoterezi ziliponso: akale amaseka mlendo chifukwa sadziŵa kupanga chida, amamubisira malamulo kenaka n'kumulanga chifukwa choŵaswa, kapena amamutchera msampha pakhomo penipeni kuti aseke. Anzake a mnyamata wathu uja nawonso adalakwa pang'ono. Adamuitana, koma palibe amene adamuyendetsa m'mudzimo kumuuza kuti bokosi ili n'la uje, munda uwu ngwa tonse, iwe umange tsidya ilo. Kwathu mlendo akanena odi timamulandira katundu, timamupatsa mpando ndi madzi, ndipo m'maŵa timamuonetsa chitsime ndi njira yosayenera kudutsa. Odi wopanda woyankha amatha msanga.

Ndiponso mudzi wokana alendo umadzimana wokha, pakuti akulu adati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. M'chaka cha 2012 bungwe la United Nations loona za malo okhala anthu, UN-Habitat, lidagwirizana ndi kampani ya Mojang kuyambitsa ntchito yotchedwa Block by Block, imene poyamba idayesedwa ku Kibera mu mzinda wa Nairobi. Anthu wamba, makamaka achinyamata amene sadaitanidwepo ku msonkhano wa akatswiri, amapatsidwa chithunzi cha dera lao m'maseŵera ameneŵa kuti aonetse pamene akufuna bwalo, njira kapena nyale, ndipo maganizo ao amaperekedwa kwa omanga enieni. Amene dzulo anali woima kunja kwa mpanda ndiye amaona pamene mpandawo wapendama.

Ena mwa aŵerengi athu anena kuti njira yachidule ndi kungoŵalanda ana mafoni, nkhani n'kutha. Tikuŵamvetsa, ndipo pali zifukwa zina zabwino zochepetsera nthaŵi imene mwana amakhala atagwira foni, makamaka pamene mbuzi zikudya chimanga cha eni iye ali chiŵeramire. Tiyeneranso kudziŵa amene ana athu akucheza nao pa ma seva, chifukwa si onse odzitcha ana amene ali ana. Koma kulanda foni sikuyankha funso la mnyamata uja. Maŵa adzapita ku sukulu yogonera komweko, adzakagwira ntchito ku Kanengo kapena ku Joni, adzakwatira pa mudzi wa eni. Konseko adzakhala mlendo, ndipo konseko adzapeza bokosi losatseka ndi munda wopanda munthu. Ngati adazoloŵera kunena mumtima kuti pamene sindikuoneka nkhope, kapena pamene zinthu zake n'zachabe, ndingachite chimene ndifuna, chizoloŵezi chimenecho sichidzatsala m'foni. Makolo athu sankaseka milandu ya ku masanje. Ankaimvetsera ndi kuiweruza, chifukwa ankadziŵa kuti nyumba za mapesi zidzatha koma anawo adzakhala eni mudzi.

Mnyamata uja adakhala masiku aŵiri akunyinyirika. Tsiku lachitatu amalume ake adamuuza kuti foni sabwerekanso pokhapokha atalemba uthenga wopepesa, ndipo adaulemba, ngakhale poyamba unali wodzaza ndi zifukwa kotero kuti adamubweza kaŵiri. Anzake adamutsekulira. Adagwetsa yekha chinsanja chija, adabweza zida zimene zidatsala, ndipo madzulo aŵiri adaŵathera pobzalanso tirigu m'munda wa onse. Adampatsa malo tsidya la mtsinje, patali pang'ono ndi ena. Pamene tinkachoka pa mudzipo anali atamanga maziko okha, ndipo agogo ake anali atakhala pambali pake pa mphasa, magalasi ali pamphuno, akumufunsa chifukwa chake khomo la nyumbayo waliyang'anitsa kumene kumachokera mphepo.