Mfundo zofunika musanafolere nyumba ndi matailosi

Ku Mchinji, ndalama za fodya, soya ndi mtedza zikalowa m'thumba, maso ambiri amathamangira kudenga. Wina wangowoloka pa Mwami, waona nyumba zofoleredwa ndi matailosi a simenti ku Chipata, wabwerako mtima uli dyokodyoko. Asanaitane mmisiri, aganizirepo izi.

1. Musasenzetse nyumba katundu amene sinamangidwire. Tailosi imodzi imalemera pafupifupi makilogalamu 4.5, ndipo pamalo a mita imodzi m'litali ndi m'lifupi pamalowa matailosi pafupifupi 10. Denga la masikweya mita 100 limadya matailosi 1,000, kulemera kwake ngati matumba 90 a simenti atakhala pamwamba pa ana anu usiku ndi usana. Malata salemera ngakhale gawo limodzi mwa magawo asanu a pamenepo. Zipupa za njerwa zomangira dothi, zopanda lamba wa konkire pamwamba, zimayamba ming'alu, kenako kuphwasuka. Ambiri amene amaumirira matailosi pa nyumba yotere safuna mthunzi ayi, amafuna kuti odutsa pamsewu wa ku Kamwendo acheuke. Kufolera ndi malata nyumba yomangidwira malata si umphawi.

2. Ndalama ziyambe zapita ku zosaoneka. Palibe mlendo amene amayamikira mapaso, koma ndiwo amanyamula zonse. Matabwa akhale ouma, opakidwa mankhwala a chiswe. Thabwa laliwisi limapindika likamauma, ndiye denga limachita msana wa ngamila chaka chisanathe.

3. Mmisiri akatulutsa chingwe ndi tepi, musamufulumizitse. Timatabwa topingasa timene matailosi amakolekapo timatalikirana pafupifupi masentimita 32 mpaka 34, ndipo tailosi yapamwamba imaphimba yapansi ndi masentimita osachepera 7.5. Mwininyumba wina amati, "Ambwana, tatambasulaniko pang'ono kuti matailosi akwanire." Wapulumutsa mizere iwiri, inde. Koma mvula yamkuntho ya mu Januwale ikamawomba cham'mbali, madzi amakwera n'kulowera pamene panachepa kuphimbana. Denga logona kwambiri nalonso limadontha ngakhale matailosi ake ali abwinobwino. Mmisiri wokana pempho lotere ndi wofunika kumusunga, ngakhale akukwiyitseni tsiku limenelo.

4. Simenti siimva changu cha munthu. Imafuna masiku pafupifupi 28 kuti ikhwime. Tailosi yochotsedwa msanga pamalo oumbira imasweka galimoto isanadutse pa Namitete.

5. Katundu agawidwe mofanana. Pokweza matailosi, amisiri odziwa amaunjika timilu ting'onoting'ono mbali zonse ziwiri za denga, chifukwa kulemetsa mbali imodzi kumakankha mapaso. N'chimodzimodzi ndi malipiro: anyamata opatsirana matailosi kuchokera pansi dzuwa la mu Okutobala likuswa mtengo ndiwo amasenza matani onse aja, koma kawirikawiri ndiwo amalipidwa pomaliza. Apatseni zawo madzulo omwewo.

6. Kuti mudziwe poponda, mpofunika kufunsa. Kuyala kumayambira m'munsi kukwera kumtunda, ndipo woyenda padenga amaponda kumunsi kwa tailosi, pamene pali thabwa pansi pake. Mukaponda pakati, imathetheka mwakachetechete, ndipo mudzadziwira pa siling'i mu Disembala. Matailosi a m'mphepete ndi a pamsonga akhomedwe kapena kumangiriridwa, poti mphepo imayambira pamenepo kusasula. Otsala musagulitse, sungani angapo kuseri kwa nyumba, chifukwa mtundu womwewo mwina simudzaupezanso tsiku limene nthambi ya mango idzagwere padenga.