KODI NZERU ZA MUNTHU ZINGAYESEDWE?

Cimanga timayesa ndi ndowa kapena pa sikelo. Nsalu timayesa ndi mita. Nanga nzeru za munthu tingaziyese ndi ciyani?

Funso ili likutikhudza ife amene tayamba kuphunzira kuwerenga titakula kale. Ambiri a ife timati: "Ine mutu wanga ndi wouma." Ena timanena mau omwewo kwa mwana akalephera kusukulu. Mau amenewa ndi olemera. Tisanaweruze, tiyeni tione mmene akatswiri amayesera nzeru.

Mayeso a nzeru alipo. Amene amawapereka ndi katswiri wa maganizo a munthu, amene anaphunzira nchito imeneyi zaka zambiri. Iye amakhala ndi munthu mmodzi yekha m'cipinda cacete, maso ndi maso, kwa ola limodzi kapena awiri. Amafunsa tanthauzo la mau. Amachula manambala, ndipo woyesedwa amawabwereza, kenaka amawachula kuyambira kumapeto. Amaika pa tebulo timatabwa tofiira ndi toyera, kuti woyesedwa atiyale mofanana ndi cithunzi. Nchito zina amaziyesa ndi wochi.

Pomaliza, katswiri amayerekeza mayankho ndi a anthu ena a msinkhu womwewo. Zotsatira amazilemba ndi nambala yochedwa IQ. Nambala ya pakati ndi 100. Mwa anthu atatu alionse, pafupifupi awiri amapeza pakati pa 85 ndi 115.

Mayeso amenewa anayamba ku Paris, m'dziko la France, m'caka ca 1905. Anawakonza ndi Alfred Binet ndi mnzake Théodore Simon. Colinga cao cinali kupeza ana amene akutsalira m'kalasi, kuti alandire thandizo lapadera. Binet sanakhulupirire kuti nzeru za mwana zimaima pamodzi ngati mwala. Iye ankati zikhoza kukula mwana akaphunzitsidwa bwino.

Kufikira lero mayeso amathandiza akagwiritsidwa nchito motero. Mwana wina amacedwa kuphunzira cifukwa anadwala malungo aakulu ali wamng'ono. Munthu wina amaiwala zinthu atavulala m'mutu. Katswiri akhoza kuona cimene cafooka ndi cimene cili colimba, ndi kulangiza makolo ndi aphunzitsi.

N'cifukwa cace katswiri ayenera kukhala pamodzi ndi munthuyo. Pepala siliona njala. Pepala silidziwa kuti mwana akucita mantha, kapena kuti khutu lake silimva bwino. Munthu wokhala naye pa tebulo amaona zonsezi. Mwana wotere akalephera funso, katswiri wabwino safulumira kunena kuti alibe nzeru.

Koma mayeso ali ndi malire ake. Munthu amacita bwino pa zinthu zimene manja ndi maso ake anazolowera.

M'caka ca 1979, Robert Serpell, mphunzitsi wa pa yunivesite ya Zambia, anafalitsa zimene anapeza poyesa ana a ku Zambia ndi ana a ku England. Anawapatsa nchito imodzi: kutsanzira maonekedwe a cinthu. Pojambula ndi pensulo pa pepala, ana a ku England anapambana. Popinda waya, ana a ku Zambia anapambana, pakuti anazolowera kupanga magalimoto a waya. Poumba, magulu awiriwo anafanana. Tsono anzeru anali ati? Onse anali ndi nzeru. Cimene cinasiyana ndi cizolowezi.

Cilankhulo naco ndi cimodzimodzi. Mwana amene amalankhula Cinyanja kunyumba akafunsidwa m'Cipwitikizi, amayamba kulimbana ndi mau asanafike pa funso. Nambala imene ituluke ikhoza kuyesa Cipwitikizi cake, osati nzeru zake.

Serpell yemweyo anacezanso ndi akuluakulu a Acewa m'boma la Katete, kufupi ndi malire a dziko lathu. Anawafunsa za ana a m'mudzi mwao, kuti ndi uti amene angamusankhe pa nchito yofunika. Anapeza kuti kwa iwo nzeru zili ndi mbali ziwiri. Mbali yoyamba ndi kucenjera: kumva msanga ndi kuganiza msanga. Mbali yaciwiri ndi kutumikira: kukhala mwana wotumika ndi wodalirika. Mwana wocenjera koma wosadalirika sanamuone ngati wanzeru zenizeni.

Mayeso a katswiri amayesa mbali yoyamba. Mbali yaciwiri sangaione m'maola awiri. Imaoneka m'zaka: pa maliro, pa mlandu, pa nthawi ya njala. Makolo athu anati, nzeru za yekha anaviika nsima m'madzi. Iwo ankadziwa kuti nzeru zimapsa pakati pa anthu.

Pali cinanso. M'zaka za m'ma 1980, James Flynn wa ku New Zealand anaonetsa kuti m'maiko ambiri ana anali kupambana makolo ao pa mayeso omwewo. Nambala inali kukwera pafupifupi 3 pa zaka khumi zilizonse. Kodi agogo a anthu amenewo anali opusa? Iai. Akatswiri ambiri amati cinasintha ndi moyo: sukulu zinaculuka, cakudya cinakhala cabwino, matenda anacepa. Tsono nambala imeneyi si cizindikiro cobadwa naco cimene sicisintha. Sukulu imaikweza. Njala ndi matenda zimaitsitsa.

Tsono ife tinene ciyani? Mayeso tisawaope, ndipo tisawapembedze. Sikelo ndi yabwino, koma siyesa kukoma kwa cimanga. Katswiri akayesa mwana wathu, tili ndi ufulu wofunsa: Mayeso amenewa anakonzedwera ana a kuti? Munamufunsa m'cilankhulo citi? Nanga timuthandize bwanji? Mayeso amene amatsegula njira ya thandizo ndi abwino. Nambala imene imatsekera mwana citseko ca sukulu yagwiritsidwa nchito molakwa.

Nafenso tisadziweruze. Mai amene amadziwa mbeu ya dambo ndi mbeu ya kumtunda ali ndi nzeru. Msodzi amene amadziwa mphepo ya mwera isanafike pa nyanja ali ndi nzeru. Kusadziwa kuwerenga sikutanthauza kupanda nzeru. Kumatanthauza kuti coko ndi pensulo zinacedwa kufika m'manja mwathu. Dzanja lozolowera khasu limanjenjemera tsiku loyamba kugwira pensulo. Pakapita miyezi limalemba dzina.

Mau akuti "mutu wouma" tiwasiye, kwa ana athu ndi kwa ife eni.

TIKAMBIRANE

1. Kodi katswiri amaona ciyani cimene pepala silingaone?
2. N'cifukwa ciyani ana a ku Zambia anapambana popinda waya?
3. M'mudzi mwathu, munthu wanzeru timamudziwa bwanji?
4. Mwana akatsalira kusukulu, ife makolo tiyambe kufufuza ciyani?